Chitseko Chimene a Valentino Nyamphande Anatseka

Abambo ansembe, akuluakulu a mpingo, abale a kuno ku Kavalamanja, ndi inu mwawoloka ndi mabwato kuchokera ku Zumbo: amene agona m'bokosi umu ndi a Valentino Arlindo Nyamphande. Anabadwa pa 9 Juni 1952 m'mudzi uno, achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi. Ine wowerenga ndine Elina, mwana wa mlongo wawo.

Ndisanapite patali, ndinene chimene tonse tikuchiona koma tikuchilambalala. Lero ndi tsiku lachitatu, ndipo pamaliro pano palibe waseka. Alendo mwina simudziwa: kwathu kuno banja lililonse lili ndi asabwira ake, anthu amene kuyambira makolo amasambitsa maliro athu, kuwatukwana mwanthabwala kuti mitima itsike, ndi kuwatsitsa m'manda. Asabwira athu ndi a kwa Mpangula. Akhala apo pansi pa msau, manja apinda. Manda akumbidwa, koma bokosi silitsika iwo asanaligwire, ndipo dzuwa la kwathu kuno ku Feira mukulidziwa nokha, silidikira munthu.

Malemu anaphunzira ku Katondwe. Ankayenda wapansi ndi mnzawo wa ponda apa nane m'pondepo, António Mpangula, mlongo wake wa Amayi Luciana amene lero ndiwo mutu wa banjalo. A Valentino anali a masamu ndi nkhope yomanga. António anali wa pakamwa, woti ngakhale pa Misa ankaseketsa anthu. Mu 1970 awiriwa anapita ku Beira kukafuna ntchito padoko, ndipo kuchoka kumeneko anawoloka nyanja kupita ku Ulaya, kumene analowa usilikali wa pamadzi.

Anawaika mu sabumarini, sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi. Amayi a malemu atamva analira, akuti mwana amene anamuletsa kusamba pa dooko kuopa ng'ona wakalowa yekha m'mimba mwa chitsulo. Malemu ankatiuza kuti mmenemo mulibe zenera, milungu isanu ndi umodzi osaona thambo, bedi limodzi kugonapo anthu awiri mosinthana. Iwo anapitiriza maphunziro mpaka anakhala ofisala woyang'anira makina. António anakhala makanika pansi pawo, koma ulemu wa bwana sankawapatsa ayi.

Mu 1978 anakwatira Amayi Isabel, namwino wochokera ku Tete, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu.

Tsopano ndafika pamene aliyense akudikira. Mu 1986, sitima ili pansi penipeni, paipi inaphulika m'chipinda chakumbuyo, madzi n'kuyamba kulowa mwamphamvu. Lamulo la ntchito imeneyo ndi limodzi: madzi akalowa, tseka chitseko chachitsulo cha chipindacho, kaya mkatimo muli ndani. Anthu atatu anathawa n'kutuluka. António anatsala, akulimbana ndi vavu yotsekera madzi. A Valentino anamuitana katatu. Madzi atayamba kusefukira pakhomo, anatseka. Sitima inakwera pamwamba, anthu 52 anapulumuka. António anaikidwa konko ku Ulaya.

Chaka chotsatira malemu anabwera okha kudzanena. Akulu anawalangiza kuti angoti inali ngozi, koma amalume anga, khosi lawo louma lija, anagwada pabwalo la a Mpangula n'kunena kuti, "Chitseko ndinatseka ndine." Amayi Luciana anafunsa funso limodzi lokha, ngati mlongo wawo anafa nthawi yomweyo. Anayankhidwa kuti inde. Pamenepo Amayi Luciana analumbira kuti tsiku la a Valentino likadzafika, a kwa Mpangula sadzaligwira bokosi, a Valentinowo adzadzitsitsa okha m'manda. Sindikuwadzudzula. Ndikanakhala ine, mwina ndikananena zoposa apo.

Mu 2004 anapuma pantchito n'kubwerera kuno. Analima dimba m'mbali mwa Zambezi, anakonza injini za mabwato a asodzi, natumikira ngati mlembi wa mphakati wa mpingo zaka khumi ndi ziwiri. Amene munalowapo m'nyumba mwawo mukudziwa kuti zipinda zonse ndi makatani okhaokha. Zitseko anazizula okha. Amayi Isabel anatopa kupirikitsa nkhuku pabedi, koma chifukwa chake sanafunse.

Anayamba kudwala mtima mu Epulo, nagonekedwa ku chipatala cha Katondwe kawiri. Sabata yatha, Lachinayi masana, anandiitana ndi cholembera. Anandilumbiritsa kuti zimene ndiwerenge apazi ndidzaziwerenge pamanda pokha, Amayi Luciana akumva. Lamlungu m'mawa anatisiya.

Amayi Luciana, amalume anakunamizani. António sanafe nthawi yomweyo. Vavu ija anaitseka ndithu, ndipo ndi iyeyo amene anapulumutsa sitima. Koma madzi amchere anali atafika pa mabatire, m'chipindamo munadzaza mpweya wa poizoni, woti chitseko chikanatsegulidwa ukanapha onse. António anaimba foni ya m'sitima, akutsokomola. Anapempha kuti amutsegulire. Amalume, dzanja lili pachitseko, anamuyankha m'Chikunda kuti, "Sinditsegula, m'bale wanga." Anapemphanso kachiwiri. Anamuyankha chimodzimodzi. Izi n'zowawa, koma amalume anati ndisakometsere.

Atatero António anaseka. Inde, anaseka. Anati, "Iwe Valentino, sabwira wako ndine, woyenera kukuika ndine. Taona wandilanda ntchito, chitsiru iwe. Ukauze Luciana adzandigwirire, asadzakusiye pamtunda, ungadzanunkhitse mudzi." Analankhulabe za kuno kumudzi kwa mphindi ngati makumi awiri, mawu akuchepa, mpaka foni inangoti zii.

Ndinawafunsa amalume mokwiya chifukwa chimene anabisira uthenga umenewu zaka zonsezi. Anati sakanatha kutseka chitseko pa munthu, kenako n'kutenga mawu a munthu yemweyo kukadzigulira nawo manda. Anatinso akananena uthengawo, akanayenera kunenanso za kupempha kuja, ndipo sanafune kuti mlongo wake azigona nako. Koma pomaliza anaona kuti uthengawo sunali wawo, unali wanu. Mwina wina anena kuti tapeka kuti tithane ndi maliro. Umboni ndilibe. Amene mumamudziwa António, weruzani nokha ngati pakamwa pamenepo ndi pake kapena ayi.

Malemu asiya mkazi wawo Amayi Isabel. Ana atatu, Eduardo, Nilza ndi Barbara. Adzukulu asanu ndi awiri. Mlongo wawo mmodzi, Amayi Emelina, amene ndi mayi anga. Anati nditchulenso anthu 52 aja ndi ana awo, koma muwawerengere kwa António.

Pepala lathera pamenepo. Zingwe zili apo pambali pa manda. Amayi Luciana, sitikukakamizani, ndipo mukakana palibe adzakunenani. Ife tidikira.

Amayi Luciana anyamuka. Tawapatsani njira, agwireni mkono. Chonde kumbuyoko khalani chete.

Amene simunamve, ndikubwerezereni. Amayi Luciana amenya bokosi ndi ndodo yawo, misozi ili mbwe, akuti, "Iwe wabodza, mphuno ngati ya mlamba, unandimana mawu a mlongo wanga mpaka mano andithera m'kamwa! Tiye, ukamuyankhe wekha." Awatukwana, abale! A kwa Mpangula anyamuka, atenga zingwe. Amayi Isabel, lirani tsopano, maliro ayamba.

A Valentino Arlindo Nyamphande, amalume anga, apumule mu mtendere.