Mwendo anati audule, lero wandifikitsa kumunda

Muli bwanji abale mwa Ambuye, a kuno ku Jumbe ndi onse amene pepalali likufikeni. Tsiku limene ndikufuna kukuuzani tinalipo asanu m'chipinda cha kuchipatala: ine Yotamu Sakala, mkazi wanga amake Lakisoni, mwana wanga Lakisoni amene amayendetsa alendo odzaona nyama paloji ku Mfuwe, adokotala Mayi Lungu, ndi namwino amene dzina lake landithawa. Wina sitinamuone ndi maso, koma analipo. Sukulu ndinalekera giredi thuu, zilembo zikakhota musaseke, nkhaniyi ndi yowongoka.

Ine ndine uja mumandimva ndikakuwira njovu pamunda. Mawu anga amawoloka dambo, funsani aliyense. Koma chinandigwetsa si njovu ayi, ndi kachitsa. Kanandibaya pachidendene ndikumanga chingwe cha tsabola kuzungulira chimanga, pomwe ndili ndi matenda a shuga. Ndinatenga oilo wakuda uja timasakaniza ndi tsabola n'kupaka pazingwe, ndikuti chothawitsa njovu chingalephere kabala? Ndinapaka, n'kuvala gambuti. Miyezi itatu sindinauze munthu, chifukwa Sakala sadandaula. Zinandiulula ndi ntchentche, zitayamba kunditsata mpaka m'tchalitchi.

Kuchipatala anayang'ana n'kunena kuti likapitirira chonchi mwendo udulidwa pansi pa bondo. Abale, mawu anandithera. Ndinkangokhala pakhonde, njovu zinalowa m'munda n'kudya mmene zifunira, wokuwa palibe. Ndinapemphera pemphero limene ngakhale mkazi wanga ali pambali panga sanalimve, ndinati Ambuye, miyendo munandipatsa iwiri, mundilole ndibwere nayo iwiri.

Tsono onani njira za Mulungu. Lakisoni ananyamula mlendo wochokera ku Lusaka amene anabwera kudzapuma. Anadutsa kambuku ali pamtengo, mwana wanga osanena kanthu, maganizo ali kwa ine. Mlendoyo anafunsa chomwe chikumuvuta. Anali Mayi Lungu. Ataona chithunzi cha bala pafoni, anati iwo ndi anzawo akuyesa njira yatsopano, sakulonjeza kanthu, koma abwere nawo mdalayo.

Tinapita kuchipatala chawo ku Lusaka. Anayamba ndi kutsuka bala ndi kupha matenda a mkati, masabata angapo. Koma atanena kuti atenga pang'ono mafuta a pamimba panga, ndinakana mokweza mpaka odwala a chipinda china anasuzumira. Tinakula tikumva za anthu otenga magazi a anzawo, ndiye ine ndipereke mnofu wanga ndili maso? Ndinauza amake Lakisoni kuti amange katundu.

Mayi Lungu sanakwiye. Anabweretsa kambale muli kanthu konanda, koyera ngati madzi. Anakadula pakati ndi kampeni, tonse tikuona, ndipo pang'onopang'ono kanalumikizana kokha, chipsera osaoneka. Mkazi wanga anaseka.

"Bambo, mwaopa therere?"

Adokotala anafotokoza kuti m'mafuta anga muli tizinthu tamoyo totchedwa maselo, timene timathandiza mnofu kumera. Tokha n'tosalimba, tambiri timafa podutsa mujakisoni, tina timabalalika. Koma tikakhala m'konandako, iko kamafewa podutsa musingano, kakafika m'thupi n'kugwirananso, n'kutisunga pamalo pomwe pali ntchito. Ndinakumbukira chisa cha njuchi mmene chimasungira ana ake. Ndinafunsa ngati zonse atenge zibwerera mwa ine, iwo anati zanu zomwe, ndipo muziona. Namwino anabweretsa inki yoti ndidinde chala. Ndinakana, ndinalemba ndekha dzina langa, zilembo zikuluzikulu.

Tsiku lija ndatchula poyamba linafika. Anabaya mozungulira bala, amake Lakisoni akuyimba chapansipansi, ine nditagwira dzanja la mwana wanga. Sabata yoyamba sindinaone kanthu, mtima unayambanso kugwa. Pofika masabata sikisi, namwino atamasula bandeji, pansi pa dzenje lija panali mnofu wofiira ngati chivwende. Mwezi wachinayi bala linatseka. Adokotala anandiuza poyera kuti si onse amene zimawayendera chonchi, njirayi akuiphunzirabe. Ine ndikuti nzeru anawapatsa ndi Mulungu, ndipo amene anatseka pakamwa pa Lakisoni pansi pa mtengo uja ndi Iye yemweyo.

Ndikuthokoza Ambuye, ndikuthokoza Mayi Lungu, ndi mayi wa kunyumba kwanga amene anapirira fungo ndi ukali wanga. Inu amene mwakhala pakhonde lero, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu lili lonong'ona limafika. Koma oilo musiyireni njovu. Bala pitani nalo kuchipatala likadali laling'ono.

Dzana m'mawa ndinayenda ndekha mpaka kumunda, Lakisoni akubwera pambuyo. Njovu kunalibe, koma ndinakuwa basi, mbalame zonse zinabalalika m'dambo. Mwana wanga anadikira ndimalize, kenako anati:

"Atate, njovu zikalowa m'munda Jumbe yense amamva. Tsiku lina chikadzakupwetekani, mudzakuwe choncho, ndimve ndili ku Mfuwe."