Milandu Yanga ya M'banja Ndi Imene Inandisunga ku Doha

Abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene timakumana Lachisanu ku Abu Hamour, ndi inu a kumudzi amene mumawerenga za pagulu lathu koma osayankhapo, landirani moni. Ndine Fanuelo, uja ndimakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Abusa anapempha kuti aliyense amene Mulungu wamuchitira kanthu alembe. Ndinadikira miyezi itatu kuti mwina ena alemba zazikulu ine ndibisale kumbuyo kwawo, koma zimene zatuluka mpaka pano ndi za mutu umene unasiya kuwawa. Choncho ndilembe zanga.

Vuto langa linali loti ndinatsala pang'ono kubwezedwa kumudzi, mkazi wanga n'kutsala kuno. Korona itafika, hotela imene ndinkalondera ku Pearl inatseka. Kampani yathu inaganiza mozama kwa miyezi inayi, kenako inazindikira kuti chitseko chokhoma sichifuna alonda asanu ndi mmodzi. Kontilakiti yanga inathera pomwepo. Nthawi imeneyo lamulo linali litangosintha, loti munthu atha kusintha ntchito popanda kalata ya chilolezo cha bwana wake. Anthu analivinira lamuloli. Ine ndinalilandira ngati mmene munthu wopanda mbuzi amalandirira nkhani yoti msipu wamera. Ufulu wosintha ntchito ndinali nawo, ntchito yosinthirako ndiyo panalibe, ndipo chiphaso changa chokhalira m'dziko muno chinali ndi masiku owerengeka.

Mkazi wanga Esinati ndi nesi pachipatala china muno. Njira inatsala imodzi, yoti iyeyo akhale sponsa wanga, ine ndilembedwe pansi pa dzina lake ngati mwamuna wake. Anzanga a kukampu kumene tinkagona antchito atamva anati ndapita kuchikamwini cha m'chipululu. Amene ankaseka kwambiri ndi mkulu wina amene mkazi wake anamusiya kudzera pa uthenga wa pafoni. Ndinamupempherera, ngakhale kuti mawu a pempherolo sindingawalembe pano.

Ku ofesi yoona za ziphaso anafuna setifiketi ya ukwati. Ife tinakwatirana pachinkhoswe ku Ntcheu, zaka zisanu m'mbuyomo. Ankhoswe analipo, tambala ndi thadzi zinalipo, thobwa linalipo, anthu anavina mpaka fumbi linakwera m'mitengo. Pepala ndilo panalibe, chifukwa palibe anaganiza kuti mudzi wonse ungaone chinthu ndi maso, wina n'kudzafunsanso pepala. Ankhoswe a mbali zonse anakalumbira kuboma, setifiketi inatuluka, inayenda m'maofesi kudindidwa mpaka inatipeza. Koma tsiku lolembedwa pamenepo linali la masabata atatu ntchito yanga itatha. Amene anaiona ku ofesi kuja sanali wopusa. Mwamuna ntchito yamuthera, mwadzidzidzi wapeza mkazi wapantchito. Mwamunayo amagona kukampu, mkazi kunyumba ya manesi, mwana palibe. Anatipatsa tsiku loti tikaonekere tonse awiri pa intavyu, titanyamula umboni woti banjali silinabadwe dzulo.

Tinafufuza. Zithunzi za pachinkhoswe zinapita ndi foni imene inagwera m'chimbudzi ku Ntcheu, ndipo ili momwemo mpaka lero kudikira lipenga lotsiriza. Chinatsala chithunzi chimodzi chochapitsa. Ine ndaima kuno, Esinati waima uko, pakati pathu mpata woti ngolo ingadutse, tonse nkhope zili gwa ngati tikumvera chigamulo. Ndi mmene anthu aulemu wawo amajambulitsira kwathu. Koma kwa mlendo tinkaoneka ngati anthu awiri osadziwana amene akudikira minibasi imodzi.

Apa ndi pamene analowerera a Kazembe. Si kazembe weniweni. Ndi dalaivala wa takisi wa ku Kasungu, amene anadzipatsa udindo wodziwa za mapepala chifukwa tsiku lina ananyamulapo loya. Pagulu lililonse la Amalawi pamakhala munthu wotere, ndipo ngati simukumuona pagulu lanu, ndiye kuti ndinu.

"Achimwene, izi ndi simpo," anatero. "Anthu awa amafuna mafoto achikondi basi. Inu tengani mashati anayi, alamu atenge madiresi anayi, tipite ku Pearl. Foto iliyonse chaka chake. Khalas, nkhani yatha."

Ine ndinafika chaka chachiwiri kukoleji. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti amene anavomera nzeru imeneyi sanali mbuli wamba, anali mbuli yophunzirako. Esinati anakana kawiri. Kachitatu anabwera pochokera kuntchito, mizere ya masiki idakali m'masaya. Tinkasinthira zovala m'chimbudzi cha pamalo ogulitsira zinthu, n'kukaima pafupi ndi maboti a anthu olemera, a Kazembe akulamula.

"Agwireni m'chiuno bwinobwino, achimwene. Si thumba la feteleza limenelo."

Masiki tinkavula mothamanga n'kuvalanso wina asanatione. Titakhala pansi kuti tione ntchito ya manja athu, tinapeza kuti pachithunzi cha chaka choyamba cha ukwati wathu, kumbuyo kwathu kukudutsa bambo wovala masiki. Zaka zonse zinayi Esinati anali ndi maluko omwewo, ndipo ine ndinali ndi chiphuphu chomwecho pamphuno, chokhulupirika kuposa kampani yanga.

Esinati anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Fanuelo, ine ndimaswera ndi anthu amene akulephera kupuma. Sindikanama pamaso pa boma la eni ake chifukwa cha dalaivala wa takisi. Ukafuna kupita nazo izi, upite wekha." Anazifufuta zonse. A Kazembe anati alamu ndi ovuta, ndipo kuti ku Dubai zikanatheka. Ku Dubai sanapiteko.

Kunatsala masiku khumi ndi awiri kuti intavyu ichitike. Ndinayamba kulongedza. Chimene chinkandipweteka si manyazi obwerera kumudzi chimanjamanja, amenewo ndinawazolowera kale. Chinali chakuti zaka zitatu tili mumzinda umodzi tinkangoonana Lachisanu, kutchalitchi ndi pamalo okwerera basi, tikuuzana kuti tsiku lina tidzakhala m'nyumba imodzi. Tsopano ngakhale Lachisanulo linali kundichokera. Esinati sakanasiya ntchito kunditsatira, ndipo ine sindikanamupempha zimenezo.

Matchalitchi anali otseka, mapemphero ankachitikira pafoni, abusa akuoneka chipumi chokha. Lachisanu lina masana ndinakakhala pamasitepe a kuseri kwa kampu, malo okhawo amene munthu akanakhala yekha chifukwa wanzeru zake sangakhalepo ndi dzuwa limenelo. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, Ambuye, Inu munalipo pachinkhoswe chija, mboni yeniyeni ndinu. Koma ku ofesi kuja simukalowa ndi fayilo, ndiye tumizaniko wina. Ndinati ameni, thukuta likulowa m'maso.

Nditatero ndinaimbira a malume anga a Jailosi, kuti akawakonzekeretse amayi kuti mwana wawo wa ku Qatar akubwera ndi chikwama chimodzi. A malumewa ndiwo ankhoswe anga. Anagwirapo ntchito ya umesenjala kukhoti, ndipo chipumireni sanavomere kuti anapuma. Amavala tayi popita kudimba. Ndinkawanyoza, ndipo chifukwa ndinali nacho. Ankhoswe a anzanga pakabuka nkhani amabwera, amati ana inu piriranani, amadya nkhuku n'kumapita. A malume ankabwera ndi buku la hadikava. Ankalemba tsiku, wodandaula, woyankha, ndi chigamulo, kenako tonse tisayine, pamodzi ndi ankhoswe a Esinati. Titabwera kuno sanaleke, ankaweruzira pafoni cholembera chili m'manja. Buku limenelo ndinkadana nalo kuposa mmene ndimadanirana ndi tchimo, ndipo abusa andikhululukire.

Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera osandidula mawu.

"Akufuna umboni wotani?" anafunsa.

"Woti tinakwatirana kale, malume."

"Kale liti? Mlandu wako woyamba unalowa patatha masabata asanu ndi limodzi chichitikireni chinkhoswe. Uli patsamba lachitatu."

Apo ndinakumbukira buku la hadikava lija.

"Yonse pamodzi ndi khumi ndi inayi," anapitiriza. "Wawinapo umodzi."

Bukulo anakana kutumiza. Anati silituluka m'nyumba mwawo banja lisanathe. Koma m'mawa mwake anakwera njinga, anakatenga ankhoswe a Esinati, anakajambulitsa tsamba lililonse, analumbira onse awiri, masamba anadindidwa, n'kuwapereka kwa a kampani yonyamula makalata. Munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri anachita m'masiku awiri zimene ine wa kukoleji ndinalephera kuziganizira n'komwe. Envulopu inafika kutatsala masiku atatu.

Panatsala kumasulira. Ku Al Doha Al Jadeeda kuli kashopu ka bambo wina wachikulire wa ku Sudan amene amamasulira mapepala m'Chiarabu n'kudinda. Chichewa sachidziwa, choncho ine ndinayenera kuyamba ndamasulira m'Chingerezi, Esinati atakhala pambali panga ngati woyang'anira mayeso. Pamene a malume analemba kuti ndinanama, ine ndinafuna kulemba kuti panali kusamvetsetsana. Esinati anangogogoda patebulo ndi chala, ndipo ndinalemba kuti ndinanama.

Tsamba lachisanu ndi chiwiri ndilo ndinkafuna kuti lisochere m'njira. Popeza boma la eni ake linaliwerenga kale, inunso limveni. A malume analemba kuti: Woyankha wavomera kuti anasiya koleji, koma anapitiriza kutuluka m'mawa uliwonse ndi chikwama cha mabuku kwa miyezi itatu, wodandaula akumuphikira mbatata ya kusukulu. Wavomeranso kuti ankaswera kudepoti ku Limbe kuonerera bawo. Bambo wa ku Sudan uja atafika pamenepo anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Mwana wanga, ukufunadi kuti boma liwerenge izi?"

Ndinati ndi zokhazo zimene ndili nazo. Anavalanso magalasi, napitiriza kutayipa, mapewa akugwedera.

Tsiku la intavyu anayamba kuitana ine ndekha. Ofisala wake anali bambo wa mkanjo woyera wopanda khwinya ngakhale limodzi, nkhope yake yosonyeza kuti mabodza onse a padziko anawamvapo kale. Anaona setifiketi, anaona chithunzi cha ngolo chija, n'kuziika pambali. Kenako anayamba masamba a malume. Anawerenga mosathamanga, ine ndikuyang'ana khoma. Pomaliza anafunsa funso limene yankho lake silinali m'bukumo.

"Mkazi wako anadziwa bwanji kuti sukupita kukoleji?"

Ndinamuuza zoona. Esinati anandiona pawindo la minibasi popita kuchipatala kumene ankaphunzirira ntchito. Anatsika, anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, nadikira mwaulemu mpaka masewera atatha. Ine ndinali kalikiliki kulangiza madala awiri za kaseweredwe ka bawo, mbatata ili kumanja.

Ananditulutsa n'kuitana Esinati. Ndinkamuona pagalasi la chitseko. Anayamba atakhala bwinobwino, manja ali pamiyendo. Posakhalitsa dzanja limodzi linakwera. Kenako anaimirira kusonyeza mmene anaimira tsiku lija. Ine funsolo ndinaliyankha m'mphindi imodzi, iye linamutengera mphindi makumi awiri. Atandiitananso, ofisala uja anandiyang'ana.

"Akuti inali miyezi inayi, osati itatu."

"Bukulo likuti itatu, bwana."

"Bukulo linalemba zimene unavomera," anatero Esinati, osandiyang'ana n'komwe.

Ofisala anatiyang'ana tonse awiri kwa kanthawi. Anatenga chidindo. "Mkazi wongobwereka sakwiya chonchi," anatero, nadinda.

Abale, ine ndinapempha Mulungu kuti atumize mboni. Ndinkayembekeza chinthu chaulemu, mwina kalata ya abusa, mwina bwana wachifundo. Iye anatumiza munthu amene ndinkamunyoza, atanyamula zinthu zimene ndinkabisa. Zimene tinapanga ndi mashati anayi zikanandikweza ndege, koma zamanyazi zenizeni ndizo zinandisunga. Sindikunena kuti muzinamiza akazi anu kuti mudzakhale ndi umboni. Ndikudziwa ena a inu, mungamve choncho.

Chiphaso chinatuluka, ndipo pamalo a sponsa pali dzina la mkazi wanga. Panopa tikukhala m'chipinda chimodzi ku Al Doha Al Jadeeda, koyamba chibwerereni kuno. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe monga mwa nzeru zanga. Ndikuthokoza Esinati amene anafufuta zithunzi zija. A Kazembe akuuza anthu kuti nkhani yanga anaiyendetsa ndi iwo, ndipo amene akufuna kuwakhulupirira ali ndi ufulu, ndege zinayambanso kuuluka.

Inu amene masiku a chiphaso akukutherani, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lake likhale lopanda mutu ngati langa. Musanamizire pepala. Lembetsani maukwati anu kuboma zinthu zisanathine, ndipo akuluakulu amene mumati ndi otopetsa muziwaimbira foni. Mulungu sanakuiwaleni, kungoti amene wamutuma mwina ndi amene simukufuna kumuona.

A malume ndinawaimbira kuwathokoza, ndipo ndinawapepesa chifukwa cha zimene ndinkanena za tayi yawo. Anati zimenezo anazimva kale ndipo sizinawadetse nkhawa. Kenako ndinamva akutsegula masamba. Anati wodandaula walowetsa nkhani ya mwezi wachinayi uja, ndipo ikambidwa Lamlungu likudzali, 2 koloko masana nthawi ya kumudzi. Ndikaonekera. Mundipempherere.