Kabichi Wothirira Madzi a Mchere

Pamzere wogula mbewu, bambo wina wa nsapato zamatope ankadzitama kwa mayi amene anali kumbuyo kwake.

"Ine mankhwala sindigula, mayi. Kabichi wanga ndimathirira madzi a pachitsime chamchere. Mchere umapha nsabwe za m'masamba."

"Ee? Ndiye zinafa?"

"Zinachepa ndithu."

"Nanga kabichiyo?"

"Masamba anapsa m'mbali, kenako anafota. Koma limenelo ndi dzuwa."

"Dzuwa lowalira dimba lanu lokha? Dothi silinayere?"

"Pang'ono chabe."

"Nanga nsabwezo zili kuti?"

"Zinasamukira m'dimba la mnzanga."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Zakuposani nzeru, bambo. Zinaona kuti kwanu kulibe chakudya. Nanga ana anu asamuka liti?"