Chipaipi cha pa Vani ya ku Ndake

Mvula inali itangokata pa siteji ya Nyimba. Jessy anakhala kumbuyo kwa vani yokhayo yopita ku Ndake tsiku limenelo, mwana ali pamiyendo, makutu ali kwa dalaivala ndi bambo wina wa jekete lonyowa amene anali kugogoda chipaipi chakuda chokwela m'mbali mwa galasi.

"Ichi mwaika liti, a dalaivala?"

"Dzulo, bambo. Tsopano injini ikokela mpweya kumwamba uku. Olo madzi a mumtsinje afike pa boneti, ife tiwoloka."

"Anamata bwino kumunsi, kumene chikumana ndi injini?"

"Makaniko adziwa nchito yake."

"Mlamu wanga, dalaivala ngati inu, nayenso anatelo. Zaka zonse anali kuima pa mtsinje kudikila kuti madzi atsike, anthu n'kumamunyoza kuti ndi wamantha. Atangoika chipaipi analeka kuima."

"Ndiye phindu lake limenelo!"

"Injini inazima pakati pa madzi. Pa joini anasiyapo mpata wolowa chala. Iye anatulukila pa windo, koma amai awili amene anakhala kumbuyo pa matumba a feteleza tinawapeza tsiku lachitatu."

"Pepani, bambo. Koma imeneyo inali ngozi chabe. Mufuna ndigone pano ndi anthu onsewa?"

"Ine sindikwela, ndangofunsa. Chanuchi mwachiyesako m'madzi?"

"Ndikanachiyesela kuti, poti mtsinje wadzala lelo lomwe? Tikachiyesa komweko. Amai a mwana, gwililani bwino kumbuyoko, tinyamuke."