Ndinkawerenga Mapazi Pakhomo Panga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, dzina langa ndine Fanuwelo. Ambiri mumandidziwa kudoko la Kachulu. Ena mumandidziwa chifukwa cha kachasu, ndipo simukulakwa.

Ndinali msodzi wa matemba. Ndinkagonera kunyanja, m'zimbowera, tinyumba tija timamanga pamwamba pa udzu pakati pa madzi. Mwezi unkatha ndisanaone kwathu, koma mtima uli m'malo.

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa ndinakhala pansi. Akazi anga, make Esinati, anayamba kugula mpunga kusikimu ya Likangala n'kumakagulitsa kutauni. Pakhomo tinkadya chifukwa cha iwo. M'malo mothokoza, ine ndinayamba nsanje.

Akagula chitenje, ndinkafunsa wawagulira ndani. Akaseka pafoni, chakudya chinkandikanika. Akapatsa moni munthu wamwamuna, ngakhale nkhalamba yopanda mano, ndinkawakayikira.

Madzi atabwerera, ndinalephera kukhalitsa kunyanja. Ndisananyamuke ndinkasesa bwalo lonse ndekha, kuti pobwera ndidzaone amene wapondapo. Bambo wamkulu ndithu, kugwada pafumbi kuwerenga mapazi ndi matayala a njinga. Musaseke kwambiri, zinkandipweteka. Tulo ndinalibe, ndipo ndinkamwa kuti mutu ukhale chete.

Thandizo ndinalifuna, sindiname. Ankhoswe anafunsa akazi anga mafunso tsiku lonse, osapeza mlandu, nandiuza kuti ndingosiya nsanje. Ndikanatha kusiya, bwenzi nditasiya kale. Sing'anga wina anandiuza kuti mwamunayo alipodi, wamtali, wa njinga yakuda. Kuno kwa Mwambo njinga yakuda alibe ndani? Ndinabwerako nditadwala kuposa popita. Anzanga a kumowa ankangosonkhezera moto.

Tsiku lina ndinatsata tayala kuchokera pakhomo mpaka kusikimu, chikwanje chili m'manja. Ndinapeza njinga ya wakabaza amene ankanyamula matumba a akazi anga. Ndinaikhapa matayala onse anthu akuona. Mwini wake anathawira m'munda wa mpunga. Akanapanda kuthawa, sindidziwa kuti lero ndikanakhala kuti.

Ankhoswe atakumananso, make Esinati analankhula mawu ochepa. Anati, “Ndatopa kukhala ngati wakuba m'nyumba mwanga. Bambowa apite.”

Ine ndine mkamwini, mudzi ndi wawo. Ndinanyamula mphasa yanga n'kukagona kudoko. Banja linali litatha. Ndinaganizapo zopalasa bwato mpaka pakati pa nyanja osabwerako.

Amene anandipeza ndi a Namakhwa, mkulu wa mpingo uno. Sanandikalipire. Anagwada nane pamchenga, ndipo ndinalira ngati mwana, ndikupempha Yesu kuti andilandire mmene ndinalirimo. Titati ameni, iwo anati, “Pemphero tapemphera. Mawa mukwera njinga yanga, tipita kuchipatala.”

Ndinakwiya. Ndinati ine sindine wamisala, sinditola zinyalala mumsewu. Ndinkaopa kuti akandimanga zingwe. Iwo anangoti Mulungu amene amamva mapemphero ndi yemweyonso anapatsa anamwino nzeru.

Kumeneko ndinakumana ndi namwino woona za matenda a maganizo. Ndinayamba kumufotokozera za akazi anga, monga ndinkachitira kulikonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, “Mayiwo sali pano. Ndikufunsa za inu. Munagona tulo tabwino liti?”

Konse kumene ndinapita, anthu ankazenga mlandu wa akazi anga, ena kuwapeza olakwa, ena osalakwa. Wodwalayo palibe anamuyeza.

Namwinoyo anandiuza kuti maganizo amadwala ngati mmene chimadwalira chifuwa, ndipo mowa unkawonjezera. Anandipatsa mankhwala, n'kundiuza masiku obwera kudzacheza naye. Kusiya kachasu kunali kowawa. Ndinagwapo, a Namakhwa n'kundidzutsa.

Patapita miyezi, make Esinati analola kundiperekeza kuchipatalako. Ananena zonse pamaso panga, ndipo ndinamva mmene ndinawazunzira. Anandilola kubwerera pakhomo mpunga utakololedwa.

Sindikuuzani kuti nsanje inatheratu. Imabwerabe. Koma tsopano ndimaizindikira ikamayamba, ndimapemphera, ndipo ndimadziwa khomo lokagogoda.

Mwina mukuyang'ana mbali ya amayi kuti muwaone. Sali muno. Anakwera lole dzulo kupita ndi mpunga kutauni, abwera Lachiwiri. Amene akhala nawo pafupi m'lolemo sindikuwadziwa, ndipo sindinafunse. Ndagona mpaka kucha.

Ambuye alemekezeke pa chimenechi. Ngati muno muli wina amene mtima ukumutentha chomwechi, asadikire kugwira chikwanje. Tionane tikatuluka. Tipemphera kaye, kenako ndikuperekezani ndine.