Kapu ya madzi m'manja mwa akamwini

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, ndi ana inu mukunong'onezana Chingerezi kumbuyoko, moni nonse m'dzina la Yesu. Ine ndine Nachisale wa ku Etobicoke, kuno ku Toronto, agogo awo a Tamanda ndi Dalitso. Sukulu ndinalekezera sitandade wani, ndiye musayembekezere mawu osalala. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, chifukwa mwezi wa Ogasiti mukanadzaza nyumba ino kuimba nyimbo za maliro anga, koma lero woimba ndine.

Mwana wanga Esinati, namwino uja, ananditenga ku Dedza kuti ndidzamulerere ana. Zaka zitatu tsopano. Kwathu mukudziwa, amayi a ku Ntcheu inu mukudziwa: mkamwini sudya naye, sumuyang'ana kumaso, ukamuona akubwera umapatuka. Kumudzi n'zosavuta, njira ndi zambiri. Kuno nyumba ndi imodzi, khomo ndi limodzi. Choncho ine ndinasanduka munthu wa m'besimenti, chipinda cha kunsi kwa nyumba. Akamwini akalowa, ine ndatsika. Akatuluka, ine ndakwera. Zaka zitatu ndinkawadziwira nsapato zokha.

Sukulu zitatsekera anati tipite ku Amereka, ana akaone chipululu, mapaki a boma a miyala yofiira, ku Yuta ndi ku Arizona. Ine ndinati ndisiyeni ndisunge nyumba. Esinati anati ayi, nanga ana awagwira ndani ife tikamajambula. Mwamva? Sanati amayi mukaone dziko. Anati ana awagwira ndani.

Tinakwera galimoto yaitali ija, akamwini pa chiwongolero, ine kumbuyo kwenikweni pamodzi ndi mathenti, nditayang'ana kumene tikuchokera. Tsiku loyamba lomwelo, tili pamsewu waukulu, ndinafuna kupita kuseri. Ndinanong'oneza Tamanda. Tamanda anauza mayi ake mokweza. Ndipo Esinati, mwana amene ndinabala ine, anauza mwamuna wake ine ndikumva kuti imani, amayi akufuna kuchimbudzi. Ana anaseka. Akamwini anaimitsa galimoto n'kumandidikira, akudziwa kumene ndili, akudziwa chimene ndikuchita. Abale, ndinalakalaka nthaka itanditsegukira. Nditabwera ndinamukokera Esinati pambali kuti ndimudzudzule. Yankho lake ndalisunga, nali:

"Amayi, zakumudzi zanuzo zanditopetsa. Ngati simungathe kukhala ngati anthu, tikabwerera ku Toronto mukakwera ndege."

Ngati anthu. Ine amene ndinalima mbatata ya kachewere mpaka msana kupindika kuti iye avale choyera cha unamwino, ndikhale ngati anthu.

Ndinati chabwino, munthu wosamwa sapita kuseri. Ndinaleka kumwa. M'mawa kadontho konyowetsa lilime, madzulo tikamanga mathenti pang'ono pokha, basi. Madzi anga ndinkathira m'makapu a ana. Minda ya chimanga yosatha inadutsa, mapiri anadutsa, ine ndili kumbuyo kuja, mtima ukuwira.

Tinafika m'chipululu. Abusa, mukamatiwerengera za Aisraeli ndinkati ndi za m'buku. Ndinaliona dzikolo ndi maso angawa. Kulibe mtengo wa mthunzi, kulibe mbuzi, kulibe utsi wa nyumba ya munthu. Miyala yofiira ngati njerwa zowotcha, ina yaima ngati zipata zopanda mpanda. Mphepo yolowera pawindo ngati watsegula uvuni. Pachipata cha paki, mzungu wa chipewa chachikulu anachenjeza kuti aliyense azimwa kwambiri. Akamwini, osatembenuka, anauza Esinati mwaulemu kuti auzeni amayi azimwa. Ine ndinayankhira mwa Esinati yemweyo kuti ndamwa kale. Bodza limenelo ndalilapa.

Tsiku lachiwiri m'menemo, dzuwa lili pamutu, tinayenda pansi kukaona chimwala chachikulu choboola pakati. Esinati patsogolo ndi kamera, atavala thalauza limene kwathu akanamugwira nalo. Ine kumbuyo, Dalitso wa zaka zitatu ali kumsana chifukwa mchenga unkamuwotcha. Thukuta linasiya kutuluka. Lilime linauma ngati chikopa. Miyala inayamba kuvina. Ndinamasula mwana, ndinamukhazika pansi bwinobwino, ndinakhala pambali pake. Ndinati Ambuye, ndiye ndifere kuno, kopanda wondisambitsa, kopanda wondilira m'chinenero changa? Kenako mdima.

Nditatsegula maso ndinali kumsana kwa munthu. Munthuyo akuthamanga, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Ndinayang'ana pansi, ndinaziona nsapato zija. Amayi inu musagwire pakamwa, ndi mmene zinalili. Akamwini anandibereka.

Anandigoneka pamthunzi wa chimwala, ananyowetsa chitenje changa n'kundifundika. Tamanda akulira, akuulula kuti agogo madzi awo amatipatsa ife. Esinati anabwera ndi kapu. Ine ndinatseka pakamwa, popeza akamwini anali pomwepo. Imfa ili pakhomo, ine ndatseka pakamwa.

Pamenepo iwo anavula chipewa. Anagwada pamchenga wotentha uja, anatenga kapu ndi manja awiri, n'kulankhula ndi ineyo kwa nthawi yoyamba, popanda wodutsiramo.

"Amayi, ine mayi anga anamwalira ndili kuno, sindinawaike m'manda. Musandipatse maliro achiwiri m'chipululu muno. Ulemu wanu ndaulandira, wakwana. Imwani."

Ndinawayang'ana kumaso. Zaka khumi chikwatirire mwana wanga, sindinkadziwa kuti ali ndi mpata pakati pa mano. Ndinamwa. Ndinamwa akundiona, madzi akutsikira m'khosi, ena akutsikira m'masaya. Masiku awiri ndinagona m'chipatala cha tauni ina yaing'ono, diripi ili padzanja, ndipo adokotala anati panatsala pang'ono.

Sindinama pamaso pa Mulungu kuti mtima wanga wayera. Esinati mpaka lero sanati pepani. Ali apoyo, wawerama. Za ndege sanazitchulenso, koma sanazibwezenso, ndipo mawu aja akadali pano, pansi pa nthiti. Zithunzi za ulendowo zinabwera, zambiri, zokongola. Ine mulibemo. Pa chimodzi chokha pakuoneka dzanja langa, logwira mwana. Ndipo inenso ndili ndi mlandu wanga: sunali ulemu wokha umene unanditseka pakamwa, unali mkwiyo. Ndinkafuna mwana wanga aone chimene wachita, ngakhale akachione pa mtembo wanga. Mundipempherere, mumupempherere.

Koma tamvani chimene Yehova anachita. Ine ndinabala ana aakazi okhaokha. Ndinapita m'chipululu ndilibe mwana wamwamuna, ndinabwerako ndili naye. M'dziko louma anandipatsa madzi, m'dziko louma anandipatsa mwana. Tsopano ndimadyera pamwamba, patebulo limodzi ndi akamwini.

Zikomo Ambuye, zikomo Yesu. Zikomo abusa pondipatsa mpata. Bambo a Tamanda, imirirani anthu akuoneni. Kapu ija ili pawindopo, bwerani nayo kuno, khosi lauma ndi kulankhula. Amayi anzanga, musayang'ane kumbali, ine ndinayang'ana kumbali kokwanira. Kondwerani nane, imbani nthungululu mpaka azungu okhala m'chipinda cha pamwamba pathupa afunse chachitika n'chiyani. Ine ndikumwa.