Masaya Anga ndi Njinga ya Amalume

Kalekale, ndikanali Folomu 1 (musaseke ana inu, kwa munthu wodwala zaka ziwiri ndi makedzana), ine mchemwali wanu Tiyanjane ndinali woonda ngati phesi la chimanga. Tasiyani kaye kusenda nandoloyo, lero ndabwera ndi nkhani yokoma moti mtima ukungogunda, koma kuti muimve bwino ndiyambire kumbuyo.

Masiku amenewo ndinkatsegula m'mimba mpaka magazi, ndipo pakhomo pano sipankatha anthu. Amayi a kutchalitchi ankabwera kudzandizonda atanyamula nthochi ndi thobwa, ndipo amalume ankandikweza pa njinga m'mawa uliwonse, kuchoka kuno kunsi kwa Michesi mpaka kusukulu ku Migowi. Ankapalasa akuimba mluzu, n'kumafunsa, "Iwe Tiya, ulipo kumbuyoko? Kapena wauluka?"

Kenako adokotala anapeza kuti ndili ndi zilonda m'matumbo, matenda osatherapo, ndipo anandipatsa timapiritsi toyera totchedwa masiteroidi. Kutsegula kuja kunachepa, koma njala yake, ana inu! Ndinkadya osakhuta, masaya anafufuma, zipi ya yunifomu inakana kutseka. Ndipo mudzi wonse unakondwera. "Wanenepatu! Mwana wachira, Mulungu ndi wabwino!" Amayi aja anasiya kubwera, dzina langa linasiya kutchulidwa popempherera odwala, ndipo tsiku lina amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Thupi lonseli, matayala anga angaphulike. Wachira iwe, uziyenda ndi anzako."

Ndinati, "Amalume, ndi mankhwalatu awa."

Iwo anaseka. "Mankhwala ake ndi mbatata!"

Inu mumadandaula ndi ulendo wa kuchigayo, koma njira ya ku Migowi simunaiyende maondo akuwawa, m'mimba mukupota. Ndinkapatuka kawirikawiri kukapempha chimbudzi m'makomo mwa anthu osawadziwa, ndipo Esinala, mnzanga wapamtima, ankandidikira masiku oyamba, koma kenako anatopa ndi chilango cha ochedwa n'kuyamba kutsogola. Sindimuimba mlandu. Ndinkafika ndekha belu litalira kale, n'kubwerera ndekha dzuwa litapendeka, ndipo aliyense wokumana nane ankangoyamikira thupi. Ndili woonda, anthu ankaona ululu wanga. Nditanenepa, ululuwo unabisika m'masayamu, ndipo ndinayamba kuwerengera kuti teremu ino ndi yomaliza, sukulu ndiisiye.

Tsono lero! Amayi athu paja ali kumaliro, ndiye kuchipatala anandiperekeza ndi amalume pa minibasi. Adokotala atandidina miyendo yotupayi anafunsa kuti kusukulu ndimapita bwanji. Ndisanatsegule pakamwa, amalume anayankha monyadira, "Wapansi, adokotala. Mwaona mmene wachiriramu?"

Adokotala anaika cholembera pansi. "Bambo, thupi ili si la kuchira ayi, ndi la mankhwala. Zilondazo zikupola, koma mwanayu akadali wodwala."

Ndipo anati mapiritsi ayamba kundichepetsera pang'onopang'ono, chifukwa kusiya mwadzidzidzi n'koopsa, ndipo masayawa adzaphwa okha! Koma chimene chandithamangitsa si chimenecho. Mu minibasi pobwerera amalume ankangoyang'ana pawindo. Titatsika pa Migowi analunjika kwa okonza njinga, ine pambuyo pawo, ndipo ndinawamva akuti, "Aise, ndipatse masipoko olimba, a onyamula matumba a nandolo aja. Ndi kakhushoni ka pakaliyala." Kenako, osandiyang'ana n'komwe, anati, "Lolemba usandichedwetse, wamva?"

Ndinaseka, ndinalira, anthu a pamsika n'kumandidabwa. Folomu 3 ndiimaliza, ana inu, ndiimaliza!

Tsono inu, mukadzaona munthu amene ankadwala wanenepa, musamathamangire kumuuza kuti wachira. Muzikhala naye pansi kaye, mumufunse kuti, "M'thupimu mukumva bwanji?" Ndipo akayamba kuyankha, musamamudule. Ine chaka chonse chija ndinkangodikira funso limenelo.